Ndalama za Aroma sizinkadindidwa chaka ngati zathu

Kwa zaka zambiri takhala tikumva kuti ndalama zachitsulo za mafumu a Roma zinkadindidwa chaka, ndipo ena amafika poonetsa ndalama yolembedwa "BC", kutanthauza kuti Khristu asanabadwe. Zimenezi si zoona, chifukwa kuwerenga zaka kuyambira pa kubadwa kwa Khristu kunakonzedwa m'chaka cha 525, ndipo wosula ndalama sakanatchula kubadwa kumene kunali kusanachitike.

Akatswiri a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 ankalemberana makalata ndi kutumizirana zojambula za ndalama, n'kumawerenga nambala zotsatira zilembo monga COS (chidule cha consul, udindo wa mkulu wa boma) ndi TR P (chidule cha mphamvu zoteteza anthu wamba, zimene mfumu inkazilandiranso chaka chilichonse), kuti apeze chaka cha ulamuliro wake. Musanafalitse nkhani yotere, yang'anitsitsani zilembozo ndi kuziyerekeza ndi mabuku a nyumba zosungiramo zinthu zakale.