Chenjezo kwa opala matabwa pakhomo: chifuwa cha utuchi musachilekerere

Amisiri ambiri akamatsokomola amangoti, "Ndi utuchi chabe, chitha chokha." Maganizo amenewa ndi amene akutidetsa nkhawa.

Utuchi umene mumauona pansi suvuta kwenikweni. Choopsa ndi fumbi losalala lomwe limatuluka pocheka ndi makina komanso pokwecha ndi sandipepa. Silioneka, limakhala mumpweya nthawi yaitali makina atazima kale, ndipo limalowa mpaka m'mapapo. Limayambitsa mphumu, chimfine chosatha, ziwengo ndi kuyabwa kwa maso. M'chaka cha 1995 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Mitengo yolimba ndiyo imaopsa kwambiri, ndipo matabwa a MDF (opangidwa ndi utuchi wopanikiza) ali ndi guluu wa formaldehyde, mankhwala omwenso ndi oopsa kuwapuma. Khansayi imatha kuonekera patapita zaka 20 kapena kuposa, ndiye kumva bwino lero si umboni woti muli bwino.

Fumbi ligwireni pamene likutulukira. Lumikizani makina ku chopopera fumbi, ndipo ngati mulibe, kwechani panja. Tsegulani mazenera, fani izitulutsa mpweya kunja. Musasese pouma kapena kuuzira ndi kompuresa, chifukwa mukungolibweza m'mwamba. Wazani madzi kaye, kapena pukutani ndi nsalu yonyowa. Valani masiki yosefa fumbi yolembedwa N95, FFP2 kapena FFP3, yogwira bwino nkhope. Kansalu komanga pamphuno kamangotchinga zikuluzikulu, ndipo ndevu zimasiya mpata m'mbali mwa masiki. Ana asasewere mogwirira ntchito, zovala zantchito zisalowe kuchipinda chogona. Utuchi wounjikana sumachedwanso kuyaka.

Koma tibwerere ku chifuwa chija. Ngati mumabanika kapena kulira m'chifuwa masiku antchito, n'kumapezako bwino masiku opuma, chimenecho ndi chizindikiro cha mphumu yobwera ndi ntchito. Mukapitiriza kupuma fumbilo imakhazikika, ndipo ikakhazikika kafumbi kochepa kokha kamakugwetsani. Mphuno yotsekeka mbali imodzi osatseguka, kamfuno wobwerezabwereza, kusamva fungo, zonsezi si zodikira. Chifuwa chikapitirira masabata awiri pitani kuchipatala, chifukwa chikhozanso kukhala chifuwa chachikulu chimene mukuchinamizira utuchi.

Chonde musadikire kuti mumalize kaye mipando ya kasitomala. Mukafika kuchipatala auzeni adokotala kuti mumapala matabwa, mitengo yanji, ndiponso kwa zaka zingati.