Chifukwa chake maantibayotiki sachiza chimfine

Anthu ambiri akagwidwa ndi chimfine amayembekezera kuti dokotala awalembera makapisozi a antibayotiki (mankhwala olimbana ndi tizilombo totchedwa mabakiteriya), ndipo akauzidwa kuti angopumula ndi kumwa madzi ambiri, amabwerera kunyumba akuona ngati sanathandizidwe. Maganizo amenewa amadza chifukwa chosazindikira kuti tizilombo toyambitsa matenda si ta mtundu umodzi, komanso kuti mankhwala opha mtundu wina alibe mphamvu iliyonse pa mtundu unzake.

Bakiteriya ndi chamoyo cha selo limodzi (selo ndi kagawo kochepetsetsa komanga thupi la chamoyo) chimene chimadya, kukula ndi kuswana pachokha podzigawa pawiri, ndipo mabakiteriya ena, akapeza malo owakomera, amadzigawa pakangotha mphindi 20 zilizonse. Matenda monga kolera, taifodi, chinzonono ndi chifuwa chachikulu amayamba ndi mabakiteriya. Ambiri mwa iwo ali ndi khoma lolimba lowakuta, limene maselo a munthu alibe, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kumapatsa mankhwala mpata. Penicillin, amene Alexander Fleming anamutulukira ku London mu 1928 ataona nkhungu ikulepheretsa mabakiteriya kumera m'mbale yake yoyesera, amasokoneza kamangidwe ka khoma limenelo mpaka bakiteriya amaphulika, pamene maselo a wodwalayo sakhudzidwa. Maantibayotiki ena amalimbana ndi mbali zina za bakiteriya, monga timagawo topanga mapuloteni ake.

Vairasi, kachilombo kamene kamayambitsa chimfine, alibe zonsezi. Ndi wamng'ono kwambiri moti mu 1892 Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anapeza kuti madzi ofinyidwa m'masamba odwala a fodya ankadwalitsabe mbewu zina ngakhale atasefedwa ndi sefa yotsekereza mabakiteriya, ndipo panapita zaka zoposa 40 asayansi asanathe kuona vairasi ndi makina amphamvu. Vairasi sadya, sakula, ndipo sangaswane payekha. Ndi kachidutswa ka malangizo a chibadwa kokutidwa ndi mapuloteni, kamene kamalowa m'selo la munthu n'kulikakamiza kuti lisiye ntchito yake n'kuyamba kupanga mavairasi ena ambirimbiri. Choncho antibayotiki akalowa m'thupi la munthu wodwala chimfine, chikuku kapena Covid-19, sapeza khoma loti agumule. Mankhwala olimbana ndi mavairasi alipo ndithu, monga ma ARV amene amaletsa HIV kuchulukana, koma aliwonse amapangidwa molunjika vairasi wakutiwakuti, ndipo a chimfine wamba sanapezekebe.

Chimene chimachiza chimfine ndi chitetezo cha m'thupi mwanu. Maselo ogwidwa ndi vairasi amatulutsa timadzi tochenjeza maselo oyandikana nawo, maselo oyera a magazi amathamangira pamalopo, thupi limatentha, ndipo mamina amachuluka kuti akokolole tizilomboto. Zambiri zimene timazitcha zizindikiro za matenda kwenikweni ndi zotsatira za nkhondo imeneyi. Pakapita masiku angapo, maselo ena amayamba kupanga mapuloteni apadera amene amamatirira vairasi wa mtundu womwewo kuti asalowenso m'maselo, pamene ena amawononga maselo amene agwidwa kale. N'chifukwa chake chimfine chimatha pakati pa masiku 7 ndi 10, ngakhale kutsokomola kungapitirire mpaka milungu itatu. Apa ndiyenera kutchula chinthu chimene chimasocheretsa ambiri: mamina achikasu kapena obiriwira paokha si umboni wakuti pali mabakiteriya, chifukwa mtunduwo umachokera ku maselo oyera a magazi amene agwira ntchito yawo. Nkhondo ikatha, maselo ena amatsala akumukumbukira vairasiyo kwa zaka zambiri, ndipo katemera amadalira kukumbukira komweku, kumene kunathandiza kuti nthomba ithe pa dziko lonse mu 1980. Timadwalanso chimfine chifukwa mavairasi ake ali m'mitundu yoposa 100, ndipo thupi liyenera kuphunzira mtundu uliwonse paokha.

Wina angafunse kuti kodi pali vuto lanji kumwa antibayotiki pongofuna kudziteteza. Vuto lilipo, ndipo ndi lalikulu. M'matumbo, pakhungu ndi m'kamwa mwathu mumakhala mabakiteriya osawerengeka amene amathandiza kugaya chakudya, kupanga mavitamini ena ndi kutsekereza malo kuti oyambitsa matenda asakhazikike. Antibayotiki sasankha, amapha abwinowo pamodzi, ndipo ichi n'chifukwa chake ena amatsegula m'mimba akamamwa mankhwalawa. Choopsa kwambiri n'chakuti mabakiteriya ochepa amene mwachibadwa amapirira mankhwalawo amapulumuka, n'kuswana momasuka, ndipo amatha kupatsira mabakiteriya a mitundu ina malangizo a kupirirako. Fleming mwiniwake anachenjeza za zimenezi mu 1945 polandira mphoto ya Nobel. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anayerekeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Zimandidetsa nkhawa kuti amene amavutika nazo nthawi zambiri ndi khanda, mayi wochitidwa opaleshoni kapena wokalamba wodwala chibayo, amene mankhwala akanamupulumutsa atasiya kugwira ntchito.

Izi sizikutanthauza kuti chimfine chilichonse n'chongodikira kunyumba, pakuti nthawi zina mabakiteriya amapezerapo mwayi pa njira zopumira zimene vairasi wazifooketsa. Munthu akamapuma mobanika kapena mofulumira, akamamva kupweteka pachifuwa, kutentha thupi kukapitirira masiku atatu kapena kukabweranso atayamba kupeza bwino, ayenera kupita kuchipatala msanga, ndipo khanda losakwana miyezi itatu likangotentha thupi liyenera kuonedwa tsiku lomwelo. Dokotala akapeza kuti antibayotiki akufunika, mumwe motsatira mlingo ndi masiku amene walemba, osagawirako wina, ndiponso osasunga otsala kuti mudzamwe pa matenda ena.