Kuwala kwa laser sikuwononga chipilala

Anthu ambiri akhala akukhulupirira kuti laser, kuwala kolunjika pamalo amodzi kotuluka m'makina, imawotcha chilichonse chimene yawalira, kotero kuti kuilozetsa pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles ku Zomba, chokumbukira amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pofuna kuchiyeza, kungakhale kuchiwononga. Maganizo amenewa ndi olakwika. Laser yodulira zitsulo ilipodi, koma yoyezera zipilala ndi yofooka kwambiri moti singapsereze ngakhale ndere ya pakhoma.

Makina ake amaimikidwa pa miyendo itatu, natumiza kuwala kumene kumagunda njerwa n'kubwerera, ndipo nthawi imene kwatenga paulendowo ndiyo imasonyeza mtunda. Akayeza mbali zonse, kompyuta imalumikiza timadontho miyandamiyanda n'kupanga chifaniziro cha miyeso yeniyeni, chosonyeza ming'alu ndi pamene khoma layamba kupendekeka, zimene chithunzi wamba sichingayeze.

Andrew Tallon, katswiri wa mbiri ya zomangamanga, anayeza motere tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chisanapse ndi moto wa mu 2019, ndipo denga litagwa miyeso yake inalipobe. Ine chimene chimandidetsa nkhawa pa chipilala cha asilikalicho si laser, koma mvula ndi chinyontho cha ku Zomba, zimene zimafumbutsa njerwa pang'onopang'ono chaka ndi chaka.