Mayuniti ndi anu, koma thiransifoma ndi ya dera lonse

"Mayuniti ndagula ndekha, wina asandiuze nthawi yoyatsa giza." Mawu amenewa ndatopa nawo. Inde mayuniti ndi anu, koma thiransifoma ili pamtengo apo imadyetsa nyumba zambirimbiri, ndipo ili ndi malire.

Kuyambira cha m'ma 5 mpaka 8 koloko madzulo, aliyense wayatsa hotipuleti, ayironi ndi giza nthawi imodzi. Giza imodzi yokha imatha kukoka mawati 3,000. Mphamvu ikatsika m'mawaya, mababu amafiira, firiji imangong'ung'udza osaziziritsa, mapeto ake injini yake yapsa. Ndiye mumabwera kwa ife amisiri mukudandaula kuti anakugulitsani firiji yachinyengo, chonsecho yaphedwa ndi mmene dera lonse likugwiritsira ntchito magetsi.

N'chifukwa chake nyumba imodzi ikasintha payokha, phindu limakhala lochepa. Babu lakale la mawati 60 limawala mofanana ndi la LED la mawati 9. Tiyerekeze nyumba 100, iliyonse mababu 5: zonse zikasintha, thiransifoma yapepukidwa ndi mawati oposa 25,000. Onjezani pamenepo kugwirizana kuti giza iziyatsidwa masana, kusita kuzichitika masana. Amfumu a m'dera angathe kuitanitsa msonkhano, ndipo banki m'khonde ikhoza kugula mababu mopikula kusiyana n'kuti aliyense azikagula lake pa okala.

Pali dera lina limene silindichoka m'mutu. Anthu anaona thiransifoma ikudontha mafuta, ikulira mwachilendo madzulo, koma aliyense ankati mnzake akanena. Itapsa, mbaula za makala zinabwerera m'makhonde monse. Ndinalowa m'nyumba ina usiku kukaona mawaya, ndinapeza mayi akuphika m'kati zitseko zotseka chifukwa kunja kunali mvula, mwana wakhanda ali chigonere pamphasa pafupi ndi mbaula. Utsi wa makala ulibe fungo lokuchenjezani, umangokugonetsani. Ndinawapempha kuti atsegule mawindo nthawi yomweyo. Magetsi athu ambiri amachokera ku madzi a mu Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, choncho dera likabwerera ku makala, utsi umachuluka ndipo mitengo yomwe imateteza mtsinje womwewo imatha.

Chonde, samalani ndi anyamata oyenda ndi pulayala m'thumba omwe amati akuchepetserani bilu. Iwo amalambalala mita, amalumikiza mawaya opyapyala, kapena buleka, swichi ija imadula yokha magetsi waya ukalemedwa, ikamagwa amaikapo yaikulu kuti isamagwe. Buleka ikagwa ndiye kuti ikukutetezani. Mukaisintha motero, waya ndi umene umatentha m'denga inu muli m'tulo, ndipo moto wake suona mpanda wa aneba. Musanalole munthu kukhudza mawaya anu, muuzeni akuonetseni chilolezo cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Mukaona thiransifoma ikudontha mafuta kapena ikuthetheka, kaneneni ku ESCOM tsiku lomwelo, musadikire kuti wina akanena.