Kuimitsa mtima kapena kuusoka ukugunda: mbiri ya mkangano wa madokotala

Mitsempha yodyetsa mtima ikatsekeka ndi mafuta, dokotala amatenga mtsempha wina, wa m'mwendo kapena wa kuseri kwa fupa la pachifuwa, n'kuulumikiza kuti magazi azilambalala potsekekapo. Pamene amasokapo m'pang'ono kwambiri, mamilimita awiri kapena kucheperapo, ndipo ulusi wake ndi wopyapyala ngati tsitsi. Apa ndi pamene madokotala akhala akusiyana maganizo: kodi asoke mtima uli chete, kapena ukugundabe?

Njira yoimitsa mtima inatheka chifukwa cha dokotala wa ku America, John Gibbon. Pa 6 May 1953 ku Philadelphia, makina ake anagwira ntchito ya mtima ndi mapapo a mtsikana wa zaka 18 kwa mphindi 26, iye akutseka bowo la m'kati mwa mtimawo. Mtsikanayo anachira, koma odwala awiri otsatira anamwalira, ndipo Gibbon sanachitenso opaleshoni yotereyi. Ena anapitiriza kuwongolera makinawo, moti René Favaloro atayamba kulumikiza mitsempha ya m'mwendo ku Cleveland mu 1967, njirayi inafala msanga. Lero mtima amauimitsa ndi madzi ozizira okhala ndi potaziyamu, umangoti zii, dokotala n'kusoka mosapupuluma.

Koma makinawa ali ndi zovuta zake. Magazi akadutsa m'mapaipi, thupi limatupa, impso zimatha kufooka, ndipo kupana mtsempha waukulu wochokera mumtima kumatha kugumula tizidutswa timene timakatseka mitsempha ya mu ubongo. N'chifukwa chake Enio Buffolo ku Brazil ndi Federico Benetti ku Argentina, m'zaka za m'ma 1980, anabwerera ku zimene Vasilii Kolesov anachita ku Leningrad, ku Russia, mu 1964: kusoka mtima ukugunda. Ku Utrecht, ku Netherlands, atapanga kachipangizo kotchedwa Octopus, komata pamtima n'kugwira kachigawo kosokedwako kuti kasagwedezeke, ambiri anaona ngati makina aja atha ntchito.

Kafukufuku ndiye anadzawaziziritsa. Wa ROOBY, wa odwala 2,203 m'zipatala za asilikali opuma ntchito ku America, anatuluka mu 2009. Patatha chaka, mitsempha yosokedwa mtima ukugunda inali yotsegukabe 82.6 peresenti, pomwe ya pamakina inali 87.8. Patatha zaka zisanu, omwalira anali ochulukirapo mwa amene sanaikidwe pamakina. Okonda kusoka mtima ukugunda anakwiya, nati maopaleshoni ambiri anachita ndi madokotala ophunzira kumene. Ine ndimati dandaulo lawo linali lomveka, komabe limavumbula chinthu chimene wodwala ayenera kuuzidwa: njira imeneyi siikhululukira dzanja losazolowera.

Kafukufuku wa CORONARY, wotsogoleredwa kuchokera ku Canada, anatenga odwala 4,752 m'mayiko 19, ndipo anangolola madokotala amene anali atachitapo opaleshoniyo koposa ka 100. Mu 2012 zinaoneka kuti pa imfa, sitiroko ndi kulephera kwa impso palibe kusiyana kwenikweni, ndipo patatha zaka zisanu zinali chimodzimodzi. Osaikidwa pamakina sanafunike magazi ambiri owonjezera, koma ofunika kutsegulidwanso mitsempha msanga anali ochulukirapo pakati pawo kuyerekeza ndi oikidwa pamakina.

Mpaka pano ku America ambiri amaimitsa mtima, pomwe ku Japan odwala oposa theka amasokedwa mtima ukugunda.