Chithunzi chizitsatira chala, chisamadumphe

Mukamasintha chithunzi chanu pa WhatsApp, mumachigwira ndi chala n'kuchikokera pomwe mukufuna. Kwa ife opanga mapulogalamu a pafoni, kanthu kakang'ono kameneka ndi komwe kamaulula ngati ntchito inagwiridwa mofatsa kapena mothamanga.

Foni siidziwa kuti munthu akukoka chinthu. Pa Android, chala chikakhudza galasi, pulogalamu imalandira uthenga wotchedwa ACTION_DOWN. Chikamayenda imalandira ACTION_MOVE, chikachoka ACTION_UP. Uthenga uliwonse umabwera ndi manambala awiri, x ndi y, osonyeza pomwe pali chala. Zina zonse n'za wolemba pulogalamu.

Achinyamata omwe akuphunzira ntchitoyi kuno ku Mangochi amapunthwa pamalo amodzi. Amatenga manambala a chala n'kuika chithunzi pomwepo, kuiwala kuti foni imayeza malo a chithunzi kuyambira pa ngodya yakumtunda kumanzere. Ndiye mayi wogulitsa nsomba ku Makawa akagwira chithunzi cha chambo pamimba mu pulogalamu yawoyo kuti achiike bwino asanatumize kwa kasitomala, chithunzicho chimangoti tsonga, kudumpha, ngodya ija n'kubwera pansi pa chala. Mankhwala ake ndi osavuta: chala chikangokhudza, sungani mtunda wa pakati pa chalacho ndi ngodya, ndipo muziuchotsera nthawi zonse chala chikamayenda. Muziwerenganso malo a chala ndi malamulo a Android otchedwa getRawX ndi getRawY, omwe amayeza pa galasi lonse. Lamulo lina lotchedwa getX limayeza kuchokera pa chithunzi chomwe chikusunthacho, n'chifukwa chake mukaligwiritsa ntchito chithunzicho chimayamba kunjenjemera.

Chala cha munthu sichikhazikika, ngakhale iye akungofuna kudina. Android ili ndi kamtunda kotchedwa touch slop, nthawi zambiri 8dp (dp ndi muyeso wa mtunda pa galasi la foni). Chala chisanapyole pamenepo, musayambe kukoka.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi madzi. Galasi la foni limamva chala kudzera mu mphamvu ya magetsi, ndipo dontho la madzi limatha kulinamiza ngati chala chachiwiri. Anthu athu kunyanja amagwira foni manja ali onyowa, atangochoka kutsuka usipa. Choncho sungani nambala yomwe Android imapatsa chala choyamba, pointer ID, ndipo muzitsatira chokhacho. Mukamaliza, musayesere pa kompyuta pokha. Tengani itel kapena Tecno yotsika mtengo, mupatse munthu wapadoko, muone ngati chithunzi chikumumvera.