Impso sizipweteka zikamayamba kuonongeka, pemphani akuyezeni mkodzo

Abale anga amene muli kuno ku Johannesburg, ambirife tikapita ku kiliniki amatiyeza BP ndi shuga basi, tatenga mapilisi tabwerera ku ntchito. Za impso sitifunsa chifukwa palibe chikupweteka. Vuto lake ndi lomwelo, impso zimatha kuonongeka kwa zaka munthu akuyenda bwinobwino, pofika potupa mapazi ndi nkhope, kusanza m'mawa, kuyabwa thupi lonse, ndiye kuti zafika kale patali.

Chizindikiro chimene chimabwera msanga chili mu mkodzo. Mu impso iliyonse muli tisefa ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni, timachotsa zoipa m'magazi koma puloteni timayisiya m'thupi. Tisefato tikayamba kuonongeka puloteni yotchedwa albumin imayamba kudontha nkumatuluka ndi mkodzo. Ikachuluka mkodzo umachita thovu losatha msanga mu toileti, koma poyambirira simungaone kanthu ndi maso, ngakhale kapepala koviika mu mkodzo kaja nthawi zina sikaigwira ikakhala yochepa. Nchifukwa chake pali kuyeza kwa ku labu kotchedwa uACR, dzinali lilembeni mu foni kuti mukalitchule kwa anesi. Zotsatira zikakhala pansi pa 3 mg/mmol zili bwino, 3 mpaka 30 ndiye kuti kudontha kwayamba, kupitirira 30 kwakula. Kuyeza kwinanso ndi kwa magazi, amayeza creatinine, zoipa zimene impso zimachotsa m'magazi, nkuwerengera eGFR, nambala yoonetsa mmene impso zikusefera, ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu kapena kupitirira amati ndi matenda a impso okhalitsa.

Tsono nkhani ya kumtundu, poti ena amadabwa kuti bwanji mnyamata wa zaka 30 wopanda shuga impso zake zafa. Mu 2010 akatswiri ku America anapeza kuti jini (kachibadwa kotengera kwa makolo) yotchedwa APOL1 ili ndi mitundu iwiri, G1 ndi G2, imene imapezeka mwa anthu ochokera ku Africa kuno. Chodabwitsa nchakuti mitundu imeneyi inafala chifukwa imateteza ku kaodzera, matenda obwera ndi kashembe aja amene mpaka pano amapezeka kwathu cha ku Nkhotakota ndi ku Rumphi, ndiye makolo athu amene anali nayo ankapulumuka nkusiyira ana awo. Koma amene watengera mbali zonse ziwiri, kwa mayi ndi kwa bambo, tisefa take timatha kuonongeka msanga. Mitundu imeneyi yafala kwambiri ku West Africa, kumwera kuno iliko ndithu ngakhale siyochuluka ngati uko. Kafukufuku wa ku Ghana ndi Nigeria amene anatuluka mu 2024 anaonetsa kuti ngakhale wotengera mbali imodzi yokha chiopsezo chake chimakwerako pang'ono.

Osaopa mopitirira, ambiri amene atengera mbali zonse ziwiri amakalamba impso zili bwino. Pamafunika chinanso choyambitsa, ndipo chachikulu ndi HIV yosamwera mankhwala. Kafukufuku amene anachitika konkuno ku Johannesburg nkutuluka mu 2015 anapeza kuti mwa anthu a HIV, otengera mbali zonse ziwiri mpata wodwala impso chifukwa cha kachilomboka unali wochuluka ka 89 kuposa anzawo. Nambala imeneyo siyamasewera. Ndiye inu amene ma ARV anakutherani chifukwa munasamuka ku Rosettenville kupita ku Diepsloot kapena mukudikira kuti wina akubweretsereni pa basi kuchokera kumudzi, chonde pitani ku kiliniki ya pafupi mukapitirize, kudumphadumphako nkumene kumapha impso. Amene muli pa ma ARV otchedwa TLD, creatinine amayenera kumakuyezani chifukwa tenofovir amene ali m'mapilisiwo naye amatha kuvuta impso mwa anthu ena. Enanso oyenera kusamala ndi amene kumtundu kwawo kuli matenda a magazi a siko selo, ngakhale asakudwala.

Kuyeza jiniyo sikuchitika mu kiliniki wamba ndipo kunena zoona ine sindiona chifukwa chothamangira kumeneko, chibadwa sungachisinthe, pomwe mkodzo ukuuza zimene zikuchitika lero ndipo pali chochita. Kuyezetsa mkodzo kamodzi pachaka nkofunika ngati muli ndi BP, shuga, HIV, kapena m'banja mwanu wina anadwalapo impso. Wabwino ndi mkodzo woyamba wa m'mawa. Musapereke muli kumwezi, mukutentha thupi, mukumva kuotcha pokodza kapena mutagwira ntchito yakalavulagaga dzulo lake, zimakweza nambala mwabodza. Amene munakulira kunyanja ku Mangochi, Salima, Nkhata Bay, auzeni za likodzo chifukwa magazi a mu mkodzo amasokonezanso. Ikatuluka yokwera kamodzi sikuti basi mwadwala ayi, amabwereza mkati mwa miyezi itatu. Ndipo musadalire magazi okha, kafukufuku wa 2022 amene anachitika ku Malawi, Uganda ndi South Africa anaonetsa kuti kuwerengera kwa creatinine kumaonetsa ngati impso za anthu akuno zili bwino kuposa mmene zililidi.

Zikapezeka msanga mankhwala alipo, enalapril amene ambiri mumamwa kale wa BP amachepetsa kudonthaku, palinso losartan ndi dapagliflozin amene adokotala angaone ngati akuyenerani. Azimayi oyembekezera kapena amene mukufuna mimba nenani, enalapril ndi losartan samwedwa pa mimba. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu ma kyubu ndi supu wa mu paketi. Ibuprofen, diclofenac ndi ma ufa a mutu ogula pa spaza aja musawasandutse chakudya cha tsiku ndi tsiku chifukwa msana ukuwawa ku ntchito, chimodzimodzi mankhwala a m'mabotolo oti amatsuka magazi osadziwika zimene asakanizamo.

Nkhani ya dialysis, kusefa magazi ndi makina impso zikafa, ndiyowawa, mu zipatala za boma kuno malo ndi ochepa, amachita kusankha, ndipo kwa ife obwera amene tilibe mapepala okhazikika nkovuta kwambiri kulowa, ku pulayiveti ndi katatu pa sabata ndalama zake zosayamba. Mukapita kukatenga mankhwala mwezi uno nenani kuti mukufuna uACR ndi creatinine, zotsatirazo muzijambule pa foni kuti mukasintha kiliniki kapena mukapita kumudzi mukhale nazo.